Chilengezo: Loweruka tikambirana nthano za chiyambi cha dziko

Mamembala a gulu la nthano,

Loweruka likubwerali tikumana 2 koloko masana m'kalasi ija ya Sitandade 8 timakumanamo nthawi zonse, mutu ndi nthano za m'mene dziko linayambira komanso zomwe zimafanana kwa mitundu yosiyanasiyana.

Tiyambira kwathu konkuno pa Kaphirintiwa ku Dzalanyama, pomwe akuti mwamuna ndi mkazi oyamba anatsika ndi mvula mpaka kusiya mapazi pathanthwe lidakali lofewa, kenako munthu anapeka moto, tchire lonse kuyaka, nyama kuthawa, Chauta nkukwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Zoti kumwamba ndi pansi zinali pamodzi kenako nkulekana zilikonso kwa Amaori ku New Zealand, mulungu Tane anakankha bambo ake Rangi (kumwamba) kuwalekanitsa ndi mayi ake Papa (dziko lapansi), ku Egypt naye mulungu Shu ananyamula Nut (kumwamba) kumuchotsa pa Geb (dziko lapansi). Za munthu woumbidwa ndi dothi ziliko ku China komwe woumba ndi Nuwa, ku Greece komwe woumba ndi Prometheus ngakhale mu Genesis momwe. Ine yomwe imandisangalatsa ndi ya nanzikambe amene anachedwa ndi uthenga wa moyo buluzi nkumupitirira, Azulu nawonso ali nayo ndendende.

Aliyense abwere ndi kope, bolopeni, nthano imodzi yomwe munamva kwa agogo (osati zokopera pa intaneti chonde) ndi K2,000 ya mandasi ndi thobwa. Amene muli ndi ngongole ya mwezi watha mubweretse zonse.

Yankhani pofika Lachinayi madzulo ngati mubwera, tidziwe kuchuluka kwa thobwa.

Mlembi