Usasiye mankhwala a shuga, mwana wanga

Mwana wanga,

Mchemwali wako wandiuza kuti wasiya kumwa metformin. Akuti m'malo mwake ukumasamba madzi ozizira m'mawa uliwonse ku Leeds konko, poti mnzako uja wakunamiza kuti kuzizira kudzutsa mafuta abulauni n'kukuthetsera shuga. Chimvereni nkhaniyi sindikuona tulo.

Mafutawo alipodi, sindikukana. Pa uzamba tinkawadziwa bwino. Khanda limabadwa nawo pakati pa mapewa, m'khosi ndi mozungulira impso, chifukwa silitha kunjenjemera kuti lidzifunditse. Mafutawo amawotcha shuga ndi mafuta ena kuti thupi litenthe. Iweyo unabadwa masiku osakwana, mu June, ndipo ndinkakufungatira pachifuwa usana ndi usiku, timapazi tako tili zii. Lero ukudzithira dala madzi ozizira!

Mu 2009 madokotala anatsimikiza kuti akuluakulu nawonso ali nawo, m'khosi ndi chapamapewa, koma ndi ochepa, ndipo amacheperachepera munthu akamakula ndi kunenepa. Mimba yakoyo ndinaiona pa chithunzi chija. Mchemwali wako anandiwerengeranso za kafukufuku wa ku Maastricht, ku Netherlands, wa mu 2015. Odwala shuga anali 8 okha, ankakhala m'chipinda chozizira madigiri 14 mpaka 15 kwa masiku 10. Matupi awo anayambadi kumvera bwino insulin, ija imatsitsa shuga m'magazi, koma mbali yaikulu ya shugayo inkalowa m'minofu osati m'mafuta abulauni aja, ndiponso madokotala ankawayang'anira. Iwe akukuyang'anira ndani? Mnzako uja? Madzi ozizira kwambiri amadzidzimutsa mtima, ndipo BP yako sunandiuzepo kuti ili bwanji.

Waiwala phazi la bambo ako? Kanali kabala kakang'ono pachala, n'kumati kapola kokha. Nawonso anasiya mapiritsi pomvera anthu. Shuga sapweteka poyamba, amangodya maso, impso ndi mitsempha munthu akudziona ngati ali bwino. Ndinawasambitsa ndine, sindifuna kudzaonanso zimene zija pa iwe.

Minofu uli nayo, igwiritse ntchito. Yenda wapansi ukatha kudya, chepetsa mitanda ya nsima, zakumwa zotsekemera uzisiye. Mowanso ndamva, usaganize kuti sindikudziwa. Koma choyamba, bwerera ku mankhwala. Pita kwa dokotala sabata ino akakuyeze HbA1c, kuyeza magazi kuja koonetsa mmene shuga wakhala akuyendera miyezi yapitayi, ndipo ukamuuze zoona kuti unasiya liti, usakabise.

Undiimbire Lamlungu ndikatuluka ku tchalitchi, undiuze zimene dokotala wanena. Moni kwa apongozi anga ndi adzukulu.

Ndine,
Mayi ako