Kwa eni mapikapu: sevisi yathu izitsatira buku la galimoto yanu

Okondedwa makasitomala athu,

Landirani moni wathu nonse amene mwakhala mukutikhulupirira ndi mapikapu anu. Takulemberani kuti tikudziwitseni kuti kuyambira tsiku loyamba la mwezi wa mawa tisintha kachitidwe kathu ka sevisi. Taona kuti ndi bwino tifotokoze chifukwa chake mudakali kunyumba, kuti musadzadabwe ndi mafunso amene tizikufunsani mukafika pagalaja.

Kwa zaka zambiri takhala tikuyeza pikapu iliyonse ndi muyeso umodzi. Ikalowa, tinkakhuthula oyilo, kusintha fyuluta, kupuntha fumbi m'fyuluta ya mpweya, kusuzumira mabuleki, kenako n'kumata kapepala pagalasi kakuti mubwerenso pakatha makilomita 5,000. Oyilo wake ankachokera mumgolo umodzi womwewo, kaya injini ndi yakale kaya ndi yadzulodzuloli. Njira imeneyi tikuisiya. Pikapu iliyonse tiziisamalira motsatira zimene anaipangawo analemba m'buku lake, lija limabwera ndi galimoto, limene nthawi zambiri timalipeza m'kabokosi ka padashibodi, pansi pa malisiti akale, lidakali m'pulasitiki yake.

Mapikapu awiri ndi amene anatitsegula maso. Yoyamba inabwera ikulira kumbuyo. Titamasula nati ya pansi pa difu, bokosi la magiya lija limagawira mphamvu ku mawilo akumbuyo, m'malo mwa oyilo wonanda munatuluka zinthu zoyererako ngati mkaka wosakanikirana ndi matope. Mwini wake ankawoloka nayo madzi pafupifupi tsiku lililonse. Difu ikatentha n'kulowa m'madzi ozizira, mpweya wa mkati mwake umafota, ndiye imayamwa madzi kudzera pa kabowo kopumira kapena m'masilo otha. Buku la galimotoyo linanena poyera kuti oyilo wa mudifu aziyang'anidwa ikadutsa m'madzi akuya. Ife tinali titaisinthira oyilo wa injini mokhulupirika ulendo uliwonse, koma difu sitinaitsegulepo, chifukwa sinali pa ndandanda yathu. Yachiwiri inali ya dizilo, ya masiku ano, yokhala ndi sefa ya mwaye ku ekizozi, yotchedwa DPF. Tinaithira oyilo wa mumgolo wathu uja, pamene buku lake linkafuna oyilo wa phulusa lochepa. Phulusa la oyilo wosayenera silipsa, limangounjikana m'sefamo mpaka kuitseka. Kulakwa kumeneku kunali kwathu, tinavomera kwa mwini wake, ndipo sitikufuna kuti kuchitikenso pa galimoto ya wina aliyense wa inu.

Chinthu chachikulu chimene tikufuna muchimvetse n'chakuti mabuku ambiri a mapikapu ali ndi ndondomeko ziwiri za sevisi. Ina ndi ya galimoto yogwira ntchito yopepuka, ina ndi ya yogwira ntchito yakalavulagaga. Anthu ambiri amawerenga yoyambayo n'kutseka buku, poganiza kuti yachiwiriyo ndi ya magalimoto a kumigodi. Koma taonani zimene opanga amaziwerengera kuti ndi ntchito yolemetsa: kuyenda m'misewu ya fumbi kapena ya matope, kukoka ngolo, kunyamula katundu wolemera kawirikawiri, kusiya injini ikulira nthawi yaitali galimoto itaima, ndiponso maulendo aafupiafupi amene injini siifika potentha bwino. Chomalizachi chimadabwitsa ambiri. Munthu amati, "Yanga siyenda kutali, ndimangopita nayo kuntchito n'kubwerako," osadziwa kuti injini ikamazimitsidwa isanatenthe, chinyezi ndi timafuta tosapsa zimatsalira mu oyilo n'kumamufooketsa. Pikapu anthu amaigulira ntchito, choncho ambiri mwa inu muli m'gulu lachiwirili, ndipo kumeneko nthawi ya pakati pa sevisi imafupika, m'mabuku ena mpaka ndi theka.

N'chifukwa chake tizikufunsani mafunso: mumayenda nayo misewu yotani, mumanyamula chiyani, mumakoka ngolo kapena ayi, imaima nthawi yaitali bwanji injini ikulira. Musaone ngati tikukufufuzani. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ife tadyapo kale. Ngati galimotoyo imayendetsedwa ndi dalaivala, ndi bwino abwere iyeyo, kapena mumufunse musananyamuke, poti ndiye amadziwa kumene imaponda.

Pa nkhani ya oyilo, mgolo umodzi uja tauchotsa. Buku limatchula zinthu ziwiri. Choyamba ndi kunanda kwake, manambala aja ngati 5W-30 kapena 15W-40. Nambala ya kutsogolo kwa W imanena momwe oyiloyo amayendera injini ikadali yozizira, ndipo ya kumapeto imanena kunanda kwake injini ikatentha. Chachiwiri ndi gulu lake, zilembo za API kapena ACEA zolembedwa pachigubu. Pa ACEA, magulu oyamba ndi chilembo C ndiwo a phulusa lochepa, oyenera injini zokhala ndi DPF. Tikudziwa kuti ena mwa inu munazolowera kuti oyilo wonanda kwambiri ndiye wamphamvu. Pa injini zamakono sizili choncho. Tinjira ta oyilo ndi tating'ono, ndipo tabo, ija imakankhira mpweya mu injini, imafuna oyilo aifikire msanga mukangoliza injini m'mawa. Mukabwera ndi oyilo wanu tizimulandira monga kale, pokhapokha akhale wogwirizana ndi buku. Akapanda kugwirizana tidzakuuzani mwaulemu kuti sitithira.

Kapepala ka pagalasi nako kasintha. Kazikhala ndi makilomita komanso deti, chifukwa mabuku amati sevisi ichitike pa chimene chayamba kukwana pa ziwirizi. Galimoto yongokhala nayonso imakalamba. Chitsanzo chabwino ndi mafuta a mabuleki. A mtundu wa DOT 3 ndi DOT 4 amayamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono, kaya galimoto ikuyenda kaya ili chiimire. A DOT 4 akakhala atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230, koma akamwa chinyezi muyeso wake umatsika kufika pa 155. Ganizirani pikapu yodzaza katundu ikutsika phiri lalitali, phazi lili pabuleki. Mafuta akawira mumapangika nthunzi, buleki imalowa pansi ngati mwaponda siponji, galimoto osaima. Opanga ambiri amati mafutawa azisinthidwa pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo ife tizitsatira zimene buku lanu lanena. Dziwaninso kuti DOT 5 ndi mtundu wina, wa silikoni, wosayenera kusakaniza ndi enawo ngakhale nambala yake ikuoneka ngati yaikulu.

Palinso lamba wa taimingi. Dzina la galimoto palokha silikwanira kutiuza zoyenera kuchita. Toyota Hilux ya injini ya 2KD kapena 1KD ili ndi lamba amene amasinthidwa pa makilomita 150,000, pamene Hilux ya injini ya 1GD kapena 2GD, imene inayamba kutuluka mu 2015, ili ndi tcheni. Dzina ndi limodzi, koma chisamaliro n'chosiyana. Lamba akaduka injini ikuyenda, mavalavu amagundana ndi mapisitoni, ndipo ntchito ya maola ochepa imasanduka yophwasula injini yonse. Choncho tizilemba m'kaundula wathu mtundu wa injini ya galimoto iliyonse ndi makilomita amene lamba anasinthidwira komaliza.

Kwa a dizilo, tiwonjezere kamodzi. Pansi pa fyuluta ya dizilo pamakhala kambiya kosonkhanitsa madzi, ndipo madziwo akachuluka pamayaka nyali padashibodi. Nyali imeneyo si yonyalanyaza mpaka tsiku la sevisi. Mainjekita a injini zamakono amagwira ntchito pa mphamvu yoposa mabaa 1,500, ndipo madzi pang'ono okha amawadya. Buku limasonyeza momwe mungakhetsere madziwo nokha, ndi ntchito ya mphindi zochepa. Amene mukufuna, tidzakusonyezani pa galimoto yanu yomwe mukadzabwera.

Tsono chimene tikupempha kwa inu ndi ichi. Pobwera ulendo wotsatira, tengani bukulo pamodzi ndi kabuku kodindamo sevisi ngati kalipo. Ngati linasowa, kapena munagula galimoto kwa munthu wina popanda buku, kapena lili m'chinenero chimene simuwerenga, musadandaule. Tipatseni nambala ya chasisi, ija ya VIN, imene kawirikawiri imakhala ndi zilembo ndi manambala 17. Imapezeka pa mapepala a galimoto, pa chasisi penipeni, ndiponso kawirikawiri pa kachitsulo kapena kapepala ka pamphuthu ya chitseko. Ndi nambala imeneyo tingathe kupeza ndondomeko yoyenera galimoto yanu.

Mukatsegula chitseko cha dalaivala kufuna nambalayo, yang'ananinso kapepala ka mpweya wa matayala kamene kamakhala pomwepo. Pa mapikapu ambiri kamapereka miyeso iwiri, wa galimoto yopanda katundu ndi wa yodzaza. Nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala si imene muyenera kupopera, imeneyo ndi malire a tayalalo. Yezani mpweya matayala ali ozizira, musanayende mtunda. Ndipo ngati pikapu yanu ndi ija mumachita kulowetsa nokha giya ya 4H, yoyendetsa mawilo onse anayi, itulutseni mukafika pa tala youma. Mawilo akutsogolo ndi akumbuyo amakhala atamangidwa pamodzi, ndiye pokhota amalimbana okhaokha, ndipo zimene zimavutika ndi magiya ndi mashafiti. Zonsezi zili m'buku lomwelo, pamodzi ndi kulemera kwa katundu amene galimotoyo inapangidwira kunyamula, kumene kumawerengeranso anthu okwera.

Sitikubisirani kuti kusinthaku kudzakhudza anthu mosiyana. Ena muzibwera patalipatali kusiyana ndi kale, chifukwa tinkakuitanani msanga popanda chifukwa chokwanira. Ena muzibwera pafupipafupi, kapena mudzapeza pa ndandanda zinthu zimene sitinkazigwira, monga oyilo wa mudifu ndi mugiyabokosi, madzi a muledieta, kapena gilizi wa pa shafiti. Ulendo woyamba udzatenga nthawi yotalikirapo, chifukwa tidzakhala nanu pansi n'kutsegula bukulo limodzi. Tisanagwire sipanala tidzakulemberani zonse zofunika kuchita, tsamba la buku pamene zalembedwa, ndi zimene zingathe kudikira. Palibe chimene tidzasinthe musanavomere, ndipo zitsulo zakale zimene tachotsa tidzakusonyezani.

Ngati sevisi yanu yayandikira, tiimbireni kudakali masiku awiri kapena atatu, mutiuze nambala ya chasisi ndi makilomita amene galimoto yayenda, kuti mudzapeze oyilo ndi mafyuluta ake tatenga kale. Amene muli ndi mafunso, kapena simukugwirizana ndi china mwa zimene talembazi, bwerani tidzakambirane, bukulo lili patebulo.

Zikomo kwambiri.

Ndife anu,
Eni galaja ndi amakaniko onse