Mwana wa mlongo wanga wayamba chamba ali Fomu 3, ndimuthandize bwanji?

Okondedwa Alangizi,

Ndine mphunzitsi wa sukulu ya pulayimale kuno ku Ngabu m'boma la Chikwawa, ndipo ndikulemba pofuna nzeru pa nkhani ya mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 17 amene ali Fomu 3 pa sukulu ina ya sekondale yoyendera. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, choncho udindo wonse wa maphunziro ake uli m'manja mwa ine malume wake.

Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba ya mayi ake kutsidya kwa Shire m'mwezi wa Malichi 2023, tinaona kuti mwanayu sangathe kumayenda mtunda wautali tsiku ndi tsiku, ndiye tinamupezera kachipinda ka lendi pafupi ndi sukulu komwe amakhala ndi anzake awiri, akudziphikira okha. Mwezi uliwonse ndimamutumizira ufa, nyemba, usipa ndi kandalama ka sopo. Pa nthawiyo ndinkaona ngati ndamuchitira zabwino, koma lero ndikuvomereza kuti ndinasiya mwana pamalo popanda diso la munthu wamkulu.

Mwezi wathawu ndinapita kukamuona osamuuza. Ndinamupeza ali gone masana dzuwa likuswa mtengo, nthawi imene anzake anali m'kalasi, maso ali psuu, milomo itada. Thumba la ufa limene ndinatumiza masiku 10 m'mbuyomo linali litatsala pang'ono kutha, ndipo pambuyo pake anaulula kuti ankagulitsa pang'onopang'ono. Kuseri kwa chitseko kunali timabotolo tapulasitiki ta mowa waukali, ndipo nditatsegula kope lake la Biology ndinapeza masamba akumapeto atang'ambidwa timizeremizere, tina titakulungidwa kale chamba. Kope limenelo ndinamugulira ndekha pamsika wa Nchalo, ndipo pachikuto pake panali dzina lake lolembedwa ndi dzanja langa.

Sanakane. Anandiuza kuti, “Amalume, chimandithandiza kuwerenga usiku, komanso ndikasuta sindiganiza za kunyumba.” Kenaka anawonjezera kuti boma linaloleza kale chamba. Ndinamufotokozera kuti lamulo la 2020 linaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo amene ali ndi chiphaso, ndipo kusuta kukadali mlandu, koma ndinaona kuti bodza limeneli lazika mizu pakati pa anyamata a msinkhu wake. Zoti chimathandiza kuwerenga nazonso si zoona, chifukwa mwana amene ankakhala pa nambala 5 m'kalasi tsopano akulephera masamu ndi Chingerezi chomwe, ndipo amaiwala zimene mwamuuza m'mawa.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti zinthuzi sakazifuna kutali. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma mowa womwewo unangosamukira m'timabotolo totchipa, ndipo ogulitsa safunsa zaka ngakhale mwana atavala yunifolomu, pamene lamulo limaletsa kugulitsa mowa kwa amene sanakwane zaka 18. Kachasu amatchezedwa nyumba yachitatu kuchokera pamene akugona. Mayi amene amatchezayo ndinalankhula nawo mwaulemu, ndipo anandiyankha kuti nawonso akuphunzitsa ana awo ndi ndalama ya kachasu yomweyo, poti mapira anapserera ndipo thonje silinawapindulire. Sindinawakalipire, pakuti umphawi wa kuno kuchigwa ndikuudziwa, koma sindingavomere kuti fizi ya mwana wina ichokere m'thumba la ufa la mwana wathu. Chamba chokha akuti amachipeza kwa anyamata ena a kabaza amene amacheza nawo madzulo.

Apa ndiye pamene ndathedwa nzeru. Ndikakauza aphunzitsi aakulu, ndikuopa kuti angomuchotsa sukulu, ndipo mwana wochotsedwa kuno amakathera ku maganyu odula nzimbe kapena kuwoloka kupita ku Mozambique, kumene kulibe womuletsa. Ndikakanena ku polisi za ogulitsawo, dzina lake lidzatuluka, ndipo anthu amenewa tikhala nawo mudzi umodzi. Mayi ake sindinawauze, chifukwa amadwala kuthamanga kwa magazi, ngakhale ndikudziwa kuti kuwabisira si chilungamo. Achibale ena akuti walodzedwa, tipite naye kwa sing'anga, ena akuti angofunika chikwapu. Ine zonse ziwirizi sindikugwirizana nazo, popeza ndinaona ndi maso anga chimene chikumudya, ndipo chikwapu pa mnyamata wa zaka 17 chingangomuthawitsa.

Ndamva kuti a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu amene alowerera mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, komanso kuti ku Zomba kuli chipatala cha matenda a maganizo. Kodi mwana amene wasuta pafupifupi chaka chimodzi wafika kale pofunika kumeneko, kapena ndiyambire pachipatala chathu chaboma kwa anamwino oona za maganizo? Nanga ndikamutenga kudzakhala naye pakhomo panga, pamene pali ana anga aang'ono atatu, ndingawateteze bwanji kuti asatengere? Ndikufunanso kudziwa mmene ndingafikire aphunzitsi ndi komiti ya makolo kuti tiziyendera ana onse ogona m'nyumba za lendi, chifukwa anzake awiri aja nawonso akusuta ndipo makolo awo sakudziwa.

Watsala ndi chaka chimodzi kuti alembe mayeso a MSCE. Sukulu ikatsekera adzafika kwathu, ndipo ndikufuna kuti podzakhala naye pansi ndikhale ndikudziwa choyamba kunena. Chonde ndithandizeni tchuthi chisanafike.

Ine,
Malume wodandaula,
Ngabu, Chikwawa