Penti wachikasu sagwira chitsulo

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za zomwe zinachitika kukwale komwe ndimayendetsa ekisikaveta. Mu June mkono wa makinawa unang'aluka pafupi ndi pini, pomwe chitsulo n'chokhuthala mamilimita 40. Abwana anaitana kampani ina ya m'tauni, ija yolemba dzina lalitali pagalimoto. Kunabwera mnyamata mmodzi m'mamawa kukuzizira, atanyamula marodi a E6013 m'jumbo, omwe aja owotcherera mageti ndi mbaula pamsika. Mng'alu sanaukumbe ndi gilayinda mpaka pomwe wathera, chitsulo sanachitenthetse, anangomata pamwamba ngati akuzira khonde. Madzulo anapakapo penti wachikasu, kukongola ngati chatsopano. Patatha masiku atatu mkonowo unathyoka utanyamula mwala, ndipo mwalawo unagwa pafupi penipeni ndi mnzanga amene amalondolera malole.

Nditafunsa mkulu wa kampaniyo kuti ationetse WPS, pepala lofotokoza kawotchereredwe ka ntchitoyo, anandiseka. Akuti iwo akhala akuwotcherera ine ndisanamere ndevu. Zikomo kwambiri, achimwene, koma chitsulo sichiwerenga ndevu. Malamulo odziwika padziko lonse, monga AWS D1.1, ASME Section IX ndi ISO 15614-1, alipo pa chifukwa chomwechi. Njira yatsopano imayesedwa kaye pa chidutswa cha chitsulo chofanana: amawotcherera, amachidula, amachipinda, amachikoka mpaka chiduke, zotsatira zake n'kulembedwa mu PQR, pepala la umboni wa mayesowo. Wowotchererayo nayenso amayesedwa payekha, monga mwa ISO 9606-1.

Chitsulo chokhuthala chimayamwa kutentha msanga, malo owotchawo n'kuzizira mofulumira, n'kuuma gwa, n'kukhala osachedwa kusweka. Chinyezi cha m'marodi chimalowetsamo mpweya wa hydrogen, ndipo mng'alu wake umatha kutulukira patapita tsiku limodzi kapena awiri, wowotcherera atalandira kale ndalama yake. N'chifukwa chake pa ntchito yotere amatenthetsa kaye chitsulo, amagwiritsa marodi osalowetsa hydrogen wambiri ngati E7018, ndipo paketi ikatsegulidwa marodiwo amasungidwa mu uvuni wa madigiri 120 kapena kuposerapo. Mu uvuni, osati m'jumbo! Akamaliza amadikira, n'kupima ndi makina a ultrasonic, ofufuzira ming'alu yobisika m'kati mwa chitsulo, asanatenge bulashi ya penti.

Mnyamata uja sindikumuda, anachita zomwe anamutuma. Chikundiwawa n'chakuti masiku ano aliyense wogula makina owotcherera ndi magalasi akuda wasanduka injiniya. Ngolo za malole pamsewu wa M1, matanki, milatho yaing'ono yakumudzi, ndani amafunsa mapepala a amene anaziwotcherera? Abwana athu nawonso amangoyang'ana wotchipa. Atatiuza kuti tibwerere pantchito, nkhawa yawo inali ya masiku omwe makina aima, mnzanga uja osamufunsa n'komwe kuti wagona bwanji.

A Malawi Bureau of Standards, a TEVETA ndi oyendera malo a ntchito ochokera ku unduna wa zantchito, chonde lowanipo. Pakhale lamulo lakuti chitsulo chonyamula katundu pamwamba pa mitu ya anthu chisakhudzidwe popanda WPS ndi satifiketi ya wowotcherera, ndipo makope ake atsale kwa mwini makina. Kukwale kwathu kampani yomwe ija akuti ibweranso Lolemba kudzakonza.

Woyendetsa ekisikaveta,
Lilongwe