Mpando wa mwana m'bokosi la njinga umangidwe ndi mabauti

Akonzi,

Tiloleni tilankhulepo pa njinga zonyamula katundu, zija zili ndi bokosi kutsogolo kwa woyendetsa, zomwe makolo amanyamuliramonso ana. Nkhawa yathu ili pa mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri. Benchi la m'bokosi linapangidwira ana okulirapo. Wamng'ono chotere akagwidwa tulo amapendekeka, lamba n'kutsetsereka paphewa. Amafunika mpando wakewake, ndipo mpando wabwino kwambiri ulibe phindu ngati pomwe wagwira pali pofooka.

Mwanayo akhale woti amakhala tsonga yekha, ndipo khosi lake limanyamula mutu ndi helemeti yomwe. Ambiri amafika pamenepa pakati pa miyezi 9 ndi 12. Mipando yotsatira muyezo wa ku Ulaya wa EN 14344 imanyamula ana olemera kuyambira makilogalamu 9 n'kulekezera pa 15 kapena 22, ndipo malirewo amalembedwa pa mpandopo. Sankhani wa malamba ogwira mbali zisanu: mapewa onse, m'chiuno uku ndi uku, ndi pakati pa miyendo.

Ngati opanga njinga yanu ali ndi chitsulo chawo cholumikizira mpando, gwiritsani ntchito chimenecho basi. Izi n'zofunika kwambiri pa mabokosi a pulasitiki wa thovu lolimba, monga a njinga za kampani ya Urban Arrow, chifukwa bauti sagwira m'thovu. Mpando uyenera kumangidwa pamalo omwe anakonzeratu. Zotsatirazi ndi za bokosi la pulaiwudi.

Cholakwa chachikulu ndi kukulunga mpando ndi malegeni kapena kuukhomerera ndi masikuluwu a matabwa. Malegeni amatamuka, ndiye mukagwira mabuleki mwadzidzidzi mpando umapita kutsogolo pamodzi ndi mwana. Sikuluwu nayo imangogwira mamilimita 9 kapena 12 a thabwalo, ndipo njinga ikamagwedezeka tsiku ndi tsiku bowo limakula pang'onopang'ono mpaka sikuluwuyo kuzuka. Simungaone ndi maso kuti yafooka. Chofunika ndi bauti wodutsa thabwa lonse n'kutulukira kunsi.

Pezani mabauti anayi a M6 (onenepa mamilimita 6) osachita dzimbiri, mawasha asanu ndi atatu otambalala mamilimita 25 mpaka 30, ndi manati anayi okhala ndi nayiloni mkati, omwe samasuka okha. Musanaboole, gwadani muyang'ane kunsi kwa bokosi. Kumeneko kumadutsa ndodo ya chiwongolero, mawaya a mabuleki, ndi a magetsi ngati njingayo ndi ya batire. Tembenuzani mahandulo mbali zonse mpaka polekezera, muone ngati ndodoyo singakhule nsonga ya bauti. Bauti wotalika mopitirira akhoza kukola chiwongolero muli pakona, choncho atuluke kuseri kwa nati ndi mizere iwiri kapena itatu yokha.

Ikani mpando pakati penipeni, munsi, komanso pafupi ndi woyendetsa. Ukakwera m'mwamba kapena ukapendekera mbali imodzi, njinga ya matayala awiri imavuta kuigwira poyenda pang'onopang'ono. Lembani malo a mabowo, asayandikire m'mphepete mwa thabwa kuposa masentimita atatu, ndipo boolani ndi chobowolera cha mamilimita 6.5. Pakani vanishi m'mabowomo n'kudikira aume. Ambiri amadumpha pamenepa, koma pulaiwudi amawola kuyambira pomwe wabooledwa: madzi amalowa pakati pa zigawo zake, thabwa n'kufewa pamalo enieni pomwe bauti akudalira. Washa mmodzi pamwamba, wina pansi. Ngati thabwalo ndi lopyapyala, ikani kachitsulo kafulati kunsi kolumikiza mabauti awiriawiri. Mangani mpaka washa akhale nga, koma asamire m'thabwa. Pakatha sabata bwerezaninso ndi sipanala, popeza thabwa limaphwa pang'ono.

Mpando uyang'ane kuti? Ife tikonda kuti mwana wamng'ono ayang'anane ndi woyendetsa ngati mpandowo ukulola. Mumamuona nkhope, ndipo mukaima mwadzidzidzi msana wake umatsamira mpando m'malo moponyedwa pa malamba.

Mwana asayambe ndiye kuyesa mpandowo. Mangiriranimo thumba la mchenga la makilogalamu 15, yendani nalo pamalo opanda galimoto, gwirani mabuleki mwamphamvu kangapo, dutsani pa mabampu. Kenako gwedezani mpando ndi manja onse. Ukamveka kugogoda kapena kusuntha, pali bauti yemwe sanagwire.

Pomanga malamba, pakati pa lamba ndi chifuwa palowe zala ziwiri zokha. Jekete lonenepa limanyenga: lamba amaoneka wothina, chikhalirecho wagwira nsalu. Ndi bwino kumanga mwana atavala zopepuka n'kumufunditsa pamwamba. Muvekeninso helemeti n'kuona ngati msana wa mpando sukumukankhira mutu kutsogolo mpaka chibwano kugunda pachifuwa. Zikatero ikani kapilo kopyapyala kumsana kwake, osati kumutu. Tambasulani dzanja lake kunja kwa bokosi; pa njinga ya matayala atatu, matayala akutsogolo ali pambali pomwepo, ndipo zala zisafike pa masipoko.

Kwezani ndi kutsitsa mwana njinga ili pa sitandi, pamalo athyathyathya, kapena mutakhoma buleki yoimikira. Katundu wina aliyense m'bokosimo amangidwe, chifukwa loko wachitsulo wongoponyedwa pansi amauluka mukagunda bampu. Mpweya wa m'matayala muuchepetse pang'ono kuti kugwedezeka kusamufike kwambiri mwana, koma usatsike kupyola malire olembedwa m'mbali mwa tayala.

Ife anu,
Okonza njinga