Lipoti la msonkhano wa kaleredwe ka ana umene unachitikira pa boma la Mchinji

Zikomo a Mfumu, a Wapampando, alezi a sukulu yathu ya mkombaphala ndi makolo nonse amene munandituma. Msonkhanowu unasonkhanitsa nthumwi za makomiti ngati yathuyi kuchokera ku Mkanda, Kapiri, Kamwendo ndi madera ena, ndipo amene ankatiphunzitsa anali alangizi a zaumoyo pamodzi ndi ogwira ntchito yoona za chisamaliro cha anthu.

Nkhani imene inatenga nthawi yaitali, yomwenso ine yandikhala pamtima, ndi ya phala. Anatikumbutsa kuti kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'dziko muno ndi opinimbira, ndipo vutoli limayamba m'masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pamene mayi waima kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Mwana ayenera kuyamwa mwakathithi miyezi isanu ndi umodzi osapatsidwa ngakhale madzi, kenaka ayambe phala kwinaku akuyamwabe. Mlangizi wina anaphika mapoto awiri ife tikuona. Loyamba linali la ufa woyera, lamadzimadzi, ndipo atapendeketsa supuni phalalo linayoyoka lonse. Lachiwiri linali la mgaiwa, lothira nsinjiro, usipa wosinja ndi mnkhwani wouma wopera, ndipo linakakamira pa supuni mpaka anachita kuligwedeza. Anati kamimba ka mwana ndi kakang'ono, choncho tikakadzaza ndi madzi mwanayo amaoneka ngati wakhuta pamene sanalandire chomukulitsa.

Apa ndiyenera kulankhula mosabisa, popeza ndife alimi a mtedza ndi soya. Chaka ndi chaka timagulitsa zonse kwa mavenda nthawi yokolola, ndipo pofika Januwale ana athu amamwa phala lopanda kanthu, chonsecho zimene zili mu Likuni Phala ndi chimanga ndi soya zomwe timalima tokha. Anatichenjezanso kuti mtedza wofwifwa ndi wachuku, umene ena timausiyira pakhomo wabwino utapita kumsika, uli ndi poizoni wowononga chiwindi ndipo sayenera kupita mu phala la mwana ngakhale utakazingidwa.

Za katemera sanachedwepo, chifukwa ambiri timazidziwa. Chimene anatsindika ndi chakuti makolo amalimbikira mpaka katemera wa chikuku wa miyezi 9, kenaka amaleka kupita ku sikelo, motero wachiwiri wa miyezi 15 amaphonyedwa. Chimodzimodzinso katemera wa malungo, amene boma lathu la Mchinji linali m'gulu la oyamba kulandira mu 2019: womaliza amaperekedwa mwana akuyandikira zaka ziwiri, ndipo ngakhale wabayitsa, agonebe mu neti usiku uliwonse. Mwana akatsegula m'mimba apatsidwe Thanzi ORS ndi zinki, osaleka kumuyamwitsa. Mayi amene ali kutali ndi chipatala akhoza kuimbira Chipatala cha pa Foni kwaulere n'kulandira uphungu.

Masana tinapanga zidole. Ndinabwera ndi chisekese cha botolo ndi njere za chimanga, mpira wa mapepala ndi kachidole ka zigamba, zomwe ndazisiya kwa alezi kuti muzione. Anatiuza kuti kucheza ndi khanda, kuliimbira ndi kulitchulira maina a zinthu kumakulitsa ubongo ngakhale lisanayambe kulankhula, ndipo ntchitoyi ndi ya abambonso. Ndinachita manyazi kuona kuti m'chipindamo abambo tinali ochepa kwambiri.

Pempho langa kwa a Mfumu ndi komiti ndi lakuti pa msonkhano wathu wotsatira tigwirizane muyeso wa mtedza wosankha bwino ndi soya umene banja lililonse lizipereka ku sukuluyi likangokolola, tisanayambe kugulitsa, ndiponso tisankhe anthu awiri osunga zimenezi. Ndikupemphanso kuti tiitane mlangizi wathu wa zaumoyo adzaphike mapoto awiri aja pano pamudzi, abambo ali pomwepo.