Chilengezo kwa Amayi Onse a Chigwirizano: Tsiku la Kusala ndi Kupemphera

Amayi okondedwa mwa Ambuye,

Tikukudziwitsani kuti Loweruka likubwerali tidzasonkhana kutchalitchi kwathu ku Matero mu Lusaka kuyambira 9 koloko m'mawa, ndipo tidzasala kudya ndi kupemphererana pa nkhani ya kusunga malonjezo athu pamene chikhulupiriro chikuyesedwa.

Komiti yasankha mutuwu chifukwa cha zimene taona poyendera makomo. Chichitikireni mliri wa kolera umene unasandutsa bwalo la Heroes Stadium kukhala chipatala mu 2024, kenako chilala ndi kuzimazima kwa magetsi, alongo athu ena sanabwererenso pakati pathu. Mayi wina, amene watilola kunena zimenezi, tinam'peza atapinda yunifolomu yake ya Chigwirizano n'kuiika pansi penipeni pa sutikesi, ndipo anatiuza misozi ili m'maso kuti mwana wake atamwalira, achibale anam'kakamiza kukaombeza ula. Sitikumuweruza, pakuti ambiri a ife tikanagwedezeka chimodzimodzi, koma kum'siya yekha sitingathe.

Amayi abusa adzatitsogolera pa Danieli 3, pamene Sadrake, Mesake ndi Abedinego anauza mfumu Nebukadinezara kuti sadzagwadira fano ngakhale Mulungu atapanda kuwalanditsa, komanso pa Yakobo 1:2-4. Chonde muwerengeretu kunyumba.

Amene mumagulitsa kumsika wa Soweto mungathe kufika masana. Odwala, oyembekezera ndi oyamwitsa asasale kudya. Aliyense adzatenge Baibulo ndi buku la nyimbo, ndipo pobwera adzadzere mnzake amene wasowa kwa nthawi yaitali.

Ine wanu mu utumiki,
Mlembi